MALONDA ANG'ONO PA INTANETI: WOLOZA NJIRA WAYAMBA KUYANKHA YEKHA

Kale mlendo akafika m'tauni imene sanaizolowere, nafuna malo ogona kapena mmisiri wokonza njinga, anali kuima pamsika ndi kufunsa. Wofunsidwayo anali kuloza ndi cala kuti, "Tsatani mseu uwu, mukafika pa mtengo wa mango mukhotere kumanja." Iye sanali kunena mtengo wa cipinda, ndiponso sanali kulankhula m'malo mwa mwini nyumba. Nchito yake inali kuloza basi. Intaneti itafika m'dziko lathu m'caka ca 1994 kudzera mu ZAMNET, imene inabadwira pa Yunivesite ya Zambia, ndipo Google itayamba mu 1998, nchito yoloza njira ija inasamukira pa kompyuta, kenaka pa foni. Munthu alemba funso, Google amupatsa mndandanda wa masamba, iye asankha yekha ndi kulowa m'tsamba la mwini malonda. Kwa zaka zoposa makumi awiri zinthu zinayenda motero, ndipo abale athu ambiri a malonda ang'ono analipira ndalama kuti awakonzere tsamba, podziwa kuti woloza njira adzatuma anthu pakhomo pao.

Tsopano woloza njira uja wasintha khalidwe. Pa 30 Novembala 2022 kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT, makina amene uwafunsa funso monga ufunsa munthu, iwo nakuyankha m'ziganizo zomveka. Luso limeneli ndilo achula kuti nzeru zopanga, kapena AI mwacidule. Mu Epulo 2024 kampani ya Meta inaika makina ake otere mu WhatsApp ndi Facebook, ndipo Zambia, Malawi ndi Zimbabwe anali m'gulu la maiko oyamba kuwalandira kunja kwa America. Mu Meyi caka comweco Google nayenso anayamba kuika yankho lolembedwa ndi makina pamwamba peni-peni pa mndandanda uja, poyamba ku America, ndipo pofika Okutobala m'maiko oposa 100. Conco wofunsa awerenga yankho, nakhutira, natseka foni osaponda pakhomo pa wina aliyense.

Bungwe lofufuza la Pew Research Center linayang'ana mmene anthu akulu 900 a ku America anagwiritsira nchito Google mu Marici 2025. Linapeza kuti pamene panalibe yankho la makina, anthu analowa m'tsamba lina maulendo 15 mwa 100 alionse. Pamene yankho linalipo, analowa maulendo 8 okha. Ziwerengero izi n'za kwao, si za kuno. Koma foni imene ili m'thumba la mphunzitsi wa ku Katete ndi imodzi-modzi ndi ija ya ku Chicago, ndipo ulesi wa cala ndi wofanana kulikonse.

Tiyerekeze za mai wina

Kuti nkhaniyi isakhale m'mwamba, tiyeni tiyerekeze za mai wina amene ali ndi nyumba ya alendo ya zipinda zisanu ndi cimodzi ku Chipata. Nthawi yake yokolola ndi kumapeto kwa Febuluwale pamene anthu akhamukira ku Nc'wala ku Mtenguleni, mwezi wa Ogasiti pa Kulamba ku Mkaika, ndi m'cilimwe pamene alendo apita ku Mfuwe kukaona nyama. Mlendo wa masiku akale anali kulemba mau awiri kapena atatu okha: malo ogona Chipata. Mlendo wa lero alemba funso lathunthu: afuna cipinda ca masiku atatu pa nthawi ya Nc'wala, cotsika mtengo, cokhala ndi poimika galimoto m'kati mwa mpanda, ndipo afuna kudziwa ngati magetsi akazima pali a dzuwa. Funso lomalizali palibe amene angalidabwe atakumbukira mdima wa mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba.

Makina akalandira funso lotere aligawa m'mafunso ang'ono-ang'ono, nafufuza lililonse palokha m'masamba amene anawawerengapo, natola ciganizo apa ndi cina apo, nazisoka pamodzi kukhala yankho. Apa ndiye pagona nkhani. Makina sanagonepo m'nyumba ya mai uja, sanalaweko nsima yake, sadziwa kuti ndi munthu waulemu. Adziwa zokhazo zimene zinalembedwa. Ngati tsamba lake lingonena kuti, "Takulandirani ku malo abwino koposa, kumene mlendo ndi mfumu," palibe cimene makina angatolepo, pakuti mau otere ali pa masamba zikwi-zikwi. Koma mnzake wa tsidya la mseu, amene nyumba yake mwina ndi yosafika pa ya mai uja, ngati analemba kuti zipinda zilipo zisanu, mtengo wa usiku umodzi ndi wakuti, magalimoto anai akwana m'mpanda, magetsi a dzuwa ayatsa nyale ndi kuchaja mafoni koma satenthetsa madzi osamba, ameneyo ndiye adzachulidwa. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ambiri a ife tinaleredwa kuti kuchula mtengo poyera ndi kusowa ulemu, kuti mtengo ukambidwa pamaso ndi pamaso. Mwambo umenewo ndi wabwino pa Kapata kapena ku Kamwala, kumene wogula waima patsogolo panu. Pamaso pa makina ungokubisani.

Pali cizolowezi cina cimene ticiona kawiri-kawiri. Mwini malonda apangitsa cithunzi cokongola, mitengo ndi nambala ya foni zonse zili m'kati mwa cithunzico, naciika pa tsamba kapena pa Facebook, kapena pa sitetasi ya WhatsApp. Za pa sitetasi ziona okhawo ali ndi nambala yanu, ndipo zifafanizika tsiku likatha. Makina ofufuza safikako konse. Za m'cithunzi nthawi zina aziwerenga, nthawi zina ai. Cimene awerenga mosabvuta ndi mau olembedwa wamba pa tsamba lotseguka kwa onse. Cithunzi cikhalepo cifukwa ca maso a anthu, koma zonse zili m'menemo zilembedwenso pansi pake.

Wolankhula m'malo mwanu angathe kunama

Cimene citidetsa nkhawa koposa si kucepa kwa olowa m'tsamba ai, koma kuti tsopano pali wina amene alankhula m'dzina lanu inu kulibe. Makinawa sazindikira coona ndi conama monga acitira munthu. Alumikiza mau amene aoneka kuti ayenerana. M'masabata oyamba a mayankho a Google, mu Meyi 2024, dziko lonse linaseka pamene makina analangiza anthu kuthira guluu m'cakudya cochedwa pizza, atatola nthabwala imene wina analemba kale pa intaneti. Zimenezo zinali zoseketsa. Sizikhala zoseketsa pamene banja lafika usiku kucokera ku Lusaka, ana atatopa, litauzidwa mtengo wa zaka zinai zapitazo, kapena litauzidwa kuti pali dziwe losambiramo pamene palibe. Banja limenelo silidzakwiyira makina. Lidzakwiyira mai uja, ndipo mwina lidzalemba mkwiyo wake pa intaneti, kumene makina omwewo adzauwerenga mawa.

Zolakwa zambiri zotere zicokera kwa ife eni. Dzina la malonda lilembedwa mwina pa cikwangwani, mwina pa Facebook, mwinanso pa satifiketi ya PACRA. Nambala ya Airtel imene inatayika kale ikali pa tsamba, pamene ya MTN imene igwira nchito ili pa khadi lokha. Ndipo tsamba lakale limene mwini analiiwala silifa. Ngati linalembedwa Kwacha isanacotsedwe maziro atatu mu Januwale 2013, likali kunena kuti cipinda ndi K150,000. Makina akapeza mau otsutsana asankha okha, ndipo sakufunsani. Nchito yoyamba tsono si kugula kanthu katsopano, koma kusesa: dzina limodzi, nambala imodzi, malo amodzi, maola amodzi, paliponse pamene malonda anu achulidwa, ndipo pambali pa mtengo uliwonse mulembe mwezi ndi caka. Cofunikanso ndi kulembetsa malonda anu pa mapu a Google kudzera mu Google Business Profile, imene ndi yaulere, pakuti mayankho ambiri okhudza malo apafupi atengedwa kumeneko.

Maumboni a ogula nawonso awerengedwa. Mlendo akakondwa, mupempheni mwaulemu alembe mau awiri, achule cimene anakonda. Kugula maumboni onama, kapena kuuza adzukulu alembe ngati alendo, ndi bodza ngakhale licitikire pa foni, ndipo likadziwika licotsa ndi maumboni oona omwe ulemu wao.

Za cinenero tinene mwacidule. Makinawa anaphunzira kwambiri m'Cingerezi, ndipo Cinyanja cathu acidziwa mopereweza, ngakhale kuti Google Translate inacilandira mu Disembala 2014. Amene ayembekeza alendo akunja alembe m'Cingerezi; amene agulitsa nshawa, mipando kapena mayunifomu a sukulu kwa anansi ake alembe m'zinenero zonse ziwiri, ndi mau amene ogula ake anena pakamwa. Sitiletsa kupempha makina kuti akonze kalembedwe. Tingocenjeza kuti mukawauza alembe tsamba lonse okha, adzakupatsani mau osalala ofanana ndi a wina aliyense, ndipo pena adzaonjezamo zimene mulibe.

Ocenjera afika kale

Paliponse pamene pali mantha, ogulitsa mankhwala sacedwa. Alipo kale amene ayendera eni malonda ndi kulonjeza kuti, mukalipira mwezi ndi mwezi, adzacititsa ChatGPT kapena Google kuchula dzina lanu poyamba. Palibe munthu angalonjeze zimenezo moona, cifukwa funso limodzi-modzi likafunsidwa kawiri yankho litha kusiyana. Google mwini wake analemba poyera kuti palibe cinsinsi capadera cofunika kuti tsamba lioneke m'mayankho a makina, koma kuti likhale lotseguka, lowerengeka ndi lothandiza monga kale. Alipo anyamata ndi atsikana okhulupirika odziwa nchitoyi, ndipo ayenera malipiro ao. Muwadziwa cifukwa afunsa mafunso ambiri za malonda anu asanachule mtengo wao.

Funso limodzi loyenera kufunsa amene anakukonzerani tsamba ndi ili: kodi khomo ndi lotsegukira makina owerenga? Manyuzipepala akulu a kunja alimbana ndi makampani a AI, cifukwa cuma cao ndi nkhani zimene alemba, ndipo makina akazitola osalipira iwo aluza. Mu Julayi 2025 kampani ya Cloudflare, imene icinjiriza masamba ambiri pa dziko, inayamba kutsekera makina otere pa masamba atsopano pokhapokha mwini atalola. Kwa nyuzipepala zimenezo n'zomveka. Koma mmisiri wa matabwa sagulitsa mau, agulitsa mipando. Iye afuna kuti mau ake atoledwe ndi kufalitsidwa. Zingatheke kuti khomo lanu linatsekedwa inu osadziwa.

Tisaiwale kuti malamulo a makinawa apangidwa ku California, ndipo asintha popanda kufunsa wa ku Lundazi kapena wa ku Petauke. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ogula amene anabwerapo kale ndiwo anu eni-eni, ndipo buku lolembamo maina ndi manambala ao, atabvomera okha monga lifunira lamulo losunga zinsinsi za anthu la mu 2021, palibe kampani ingakulandeni. Uthenga umodzi mu Januwale wowakumbutsa kuti zipinda za pa Nc'wala zayamba kutha sudutsa mwa woloza njira aliyense.

Ndipo kamodzi pa mwezi mwini malonda atenge foni, kapena abwereke ya mwana wake, afunse makina monga mlendo: malo ogona ku Chipata, telala wa mayunifomu ku Matero, wogulitsa mbeu ku Nyimba. Kenaka afunse za dzina la malonda ake leni-leni, aone mtengo, nambala ndi maola amene makina anena. Akapeza colakwa, afunse makinawo kumene anacitenga. Kawiri-kawiri aonetsa tsamba lake, ndipo kumeneko ndiko koyambira kukonza.