Fayilo ikukana kutseguka? Yambani mwaona mchira wa dzina lake

M'magulu a WhatsApp kuno kwa Kanduku dandaulo ili silisowa: wina watumiza fayilo, mnzake akuti ikukana kutseguka. Amatumizanso kachiwiri, bandulo n'kumatha, koma zinthu osasintha. Ambiri timathamangira kunyoza netiweki kapena foni, pomwe nkhani imakhala pa tizilembo titatu kapena tinayi tomwe tili kumapeto kwa dzina la fayilo, kadontho kakangodutsa.

Tizilembo timeneti pa Chingerezi amati file extension, ife tingoti mchira wa fayilo. Mu dzina loti kalata.pdf, mchira ndi .pdf. Foni kapena kompyuta imayang'ana mchirawu kuti idziwe mtundu wa fayilo ndi pulogalamu yoyenera kuitsegulira. Ngati pulogalamuyo mulibe, basi, fayilo imangokhala ngati katundu wopanda mwini.

Michira yomwe timakumana nayo kwambiri ndi iyi:

.docx ndi zolemba za Microsoft Word. Mchirawu unabwera ndi Office 2007, kale unali .doc. Pa foni mungatsegule ndi WPS Office kapena Google Docs, pa kompyuta LibreOffice imatsegula ndipo ndi yaulere.

.xlsx ndi ya Excel, ija ya mizere ndi masamu, yothandiza kulemba maakaunti a banki m'khonde kapena geni ya manachesi. Nayo .pptx ndi ya PowerPoint.

.pdf inapangidwa ndi kampani ya Adobe mu 1993. Ubwino wake ndi woti tsamba limaoneka chimodzimodzi kulikonse komwe latsegulidwa.

.jpg ndi .png ndi zithunzi, .mp3 ndi nyimbo, .mp4 ndi kanema. Kanema akabwera ndi mchira wa .mkv foni n'kumakana, ikani VLC, imasewera pafupifupi chilichonse.

.zip ndi ngati thumba lomwe amangiramo mafayilo angapo. Muyenera kulimasula kaye kuti muone zam'kati.

Palinso .heic, yomwe iPhone inayamba kujambulira zithunzi mu 2017. Achibale a ku Joni akatumiza chithunzi chotere ngati document, foni yakale imalephera kuchionetsa. Auzeni atumize ngati chithunzi wamba, chimafika bwinobwino.

Pomwe zimawawa kwambiri ndi pofunsira ntchito kapena malo a sukulu. Mwapita pa Mwanza Boma, mwalipira kuti akutayipireni CV, mwaitumiza ili .docx. Kumene yafikako aitsegula ndi pulogalamu ina, mizere yasokonekera, tsamba limodzi lasanduka awiri. Munthu amene ali ndi mulu wa makalata sakuimbirani foni kuti mukonze, amangopita pa wina. Ndiye akakutayipirani, pemphani mafayilo awiri: .docx yoti muzisintha mtsogolo, ndi .pdf yoti muzitumiza. Chilengezo chikanena kuti PDF, tumizani PDF yeniyeniyo, osati chithunzi chojambula ndi foni.

Apa pali msampha wina. Ena amangofufuta .docx pa dzina n'kulembapo .pdf, kumaganiza kuti zatheka. Ayi ndithu. Kulemba kuti mpunga pa thumba la chimanga sikusintha zam'katimo. Fayilo yoteroyo imakana kutseguka. Njira yake ndi kuitsegula mu Word kapena WPS Office, n'kusankha Save As kapena Export, kenako PDF.

Tsopano michira yofunika kuchenjera nayo. Mafayilo a .apk pa Android ndi .exe pa Windows si zolemba kapena zithunzi, ndi mapulogalamu. Mukawatsegula amayamba kugwira ntchito m'chipangizo chanu. Si onse oipa ayi, koma akuba amawakonda. Wina akakutumizirani fayilo n'kunena kuti ndi fomu ya ntchito, ya ngongole kapena kadi la ukwati, koma mchira wake uli .apk, akukunamizani. Fomu siipempha kuti muiike mu foni. Pulogalamu yotere mukailola kuwerenga ma SMS, imatha kuona manambala achinsinsi omwe banki imakutumizirani, ndipo ndalama zimapita muli maso. Ngakhale GB WhatsApp yomwe timagawana pa Xender imabwera ngati .apk, si ya eni ake a WhatsApp, ndipo angathe kukutsekerani nambala chifukwa choigwiritsa ntchito.

Chinyengochi si chatsopano. Mu May 2000, vayilasi ya ILOVEYOU yochokera ku Philippines inalowa m'makompyuta mamiliyoni kudzera pa imelo. Dzina la fayilo yake linkatha ndi .TXT.vbs, koma Windows inkabisa mchira womalizawo, anthu n'kumaona ngati ndi kalata yachikondi. Phunziro lake ndi loti dzina likakhala ndi michira iwiri, monga zotsatira.pdf.exe, weniweni ndi womalizawo.

Mpaka lero Windows imabisa michira ngati simunaiuze. Pa Windows 10 tsegulani File Explorer, pitani pa View, chongani File name extensions. Pa Windows 11 ndi View, kenako Show. A maburning center, chonde chitani zimenezi, chifukwa flashi ndi memory card za mudzi wonse zimadutsa pa kompyuta yanu. Mukaona mafoda onse a mu flashi asanduka ma shortcut, amenewo ndi mavayilasi, musadine.

Pa WhatsApp n'zosavuta, chifukwa document ikabwera mtundu wake umalembedwa pansi pa dzina musanaitsitse. Werengani kaye pamenepo. Ndipo ngati m'gulu mwanu wina waponya .apk ya "ntchito", musangoidumpha nokha, chenjezani anzanu, makamaka makolo athu omwe amangodina chilichonse chomwe chabwera ndi dzina la munthu yemwe amamudziwa.