Munda ndi wa agogo, nanga pepala lili kuti?

Mukapatuka pa msewu waukulu wa Great East Road n'kulowera ku Minga, komwe ansembe a White Fathers adatsegula mishoni mu 1923, mudutsa minda ya chimanga, mtedza ndi mpendadzuwa. Funsani mlimi aliyense kuti munda wake wathera pati, sakuchedwetsani: aloza chulu, aloza mtengo wa muwanga, aloza kamtsinje. Koma mukamufunsa pepala, ambiri alibe. Umboni wawo ndi manda a makolo, anduna a pamudzi ndi anzawo ogundana nawo malire. Yankho lawo n'lakuti: pano adandionetsa amalume.

Kwa Ansenga a ku Petauke ndi Nyimba, mawu amenewa ndi okwanira. Malo amayenda motsata mtundu wa kuchikazi, ndipo mafumu monga a Kalindawalo, a Mumbi, a Ndake, a Luembe ndi a Nyalugwe amawasunga m'malo mwa anthu awo. Funso n'lakuti lamulo la dziko la Zambia limawamva bwanji mawu omwewo.

Dera lino lidalawapo kale zolandidwa nthaka ndi cholembera. Mu 1895 kampani ya North Charterland idatenga malo okwana masikweya mailosi 10,000 kum'mawa kwa Luangwa, potsamira mapepala amene Carl Wiese ankati adagwirizana ndi mafumu. Mu 1928 boma la atsamunda lidadula malo otchedwa "native reserves", n'kuthinitsiramo midzi, pamene nthaka ina yabwino idangokhala tchire kudikira azungu omwe sadabwere ochuluka. Boma lidatenganso malo a kampaniyo mu 1941, anthu atavutika kale ndi kuthithikana komanso kuguga kwa nthaka.

Lamulo la malo la 1995, Lands Act, lidalemba poyera kuti malo a makolo ndi ovomerezeka, ndipo malamulo aakulu a dziko okonzedwa mu 2016 amawatchulanso. Komabe lamulo lomwelo limati nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo lidatsegula khomo lina: munthu angathe kusintha malo a makolo kukhala a tayitolo ya zaka zofika 99, mfumu ndi khonsolo zikavomera. Khomo limeneli ndi lotulukira lokha. Malo akalembedwa tayitolo amachoka m'manja mwa mudzi, ndipo lamulo silionetsa njira yowabwezera. Madzi akatayika saoleka.

Apa ndi pomwe mlimi wa ku Minga amatsalira. Wa ndalama wochokera ku Lusaka angathe kulipira wopima malo ndi kuyenda maulendo a ku maofesi. Mayi wamasiye wolima mahekitala awiri sangathe. Tsala lomwe banja lalisiya kuti lipume, dambo lodyetsera ng'ombe ndi nkhalango yotolamo bowa ndi nkhuni zimaoneka ngati zopanda mwini kwa munthu wobwera ndi mapu.

Lamulo lili ndi chotetezera chimodzi chomwe anthu ambiri sachidziwa: limaletsa kupereka malo a makolo popanda kufunsa munthu aliyense amene nkhaniyo ingamukhudze. Mu Epulo 2020 khoti lalikulu la ku Lusaka lidagwiritsa ntchito mfundo imeneyi pa mlandu wa a Asa Lato ndi anzawo a ku Serenje, omwe adathamangitsidwa pamalo awo kuti pakhale famu. Khotilo lidapeza kuti malowo adasinthidwa mosatsata lamulo chifukwa eni ake sadafunsidwe. Chigamulocho n'chofunika, koma chidadza nyumba zitagwetsedwa kale.

Anthu a kuno sadakhale chete kudikira boma. Bungwe la Petauke District Land Alliance, mothandizidwa ndi USAID, lidayenda mudzi ndi mudzi kwa mfumu Sandwe. Eni minda ankayenda m'malire limodzi ndi oyandikana nawo, malirewo n'kujambulidwa ndi GPS, kenako mapu n'kupachikidwa poyera kuti wotsutsa atsutse mfumu isanasaine. Pa mapepalawo pankalembedwanso maina a amayi ndi ana, chinthu chomwe chimatonthoza mtima wa mkazi akaganizira tsiku lomwe mwamuna wake adzatsogole. Vuto n'lakuti Lands Act sitchula pepala la mfumu. M'bwalo la mfumu limalemera. Likakumana ndi tayitolo ya ku Unduna wa za Malo, limapepuka.

Ku Nyimba nkhaniyi yafika mpaka kunkhalango ndi kumadzi. Lamulo la nkhalango la 2015 limalola midzi kulembetsa gulu losamala nkhalango yawo, ndipo madera a Luembe, Nyalugwe ndi Mwape ali m'ntchito ya BioCarbon Partners yolandira ndalama posunga mitengo. Koma nyama zakutchire, miyala ya pansi pa nthaka ndi madzi a Luangwa, zonse lamulo limaziika m'manja mwa Pulezidenti. Pamene kudamveka zomanga damu pa Ndevu Gorge, anthu a m'chigwa adatsutsa pamodzi ndi a WWF, boma n'kuimitsa ganizolo mu 2019. Chidawathandiza ndi kufuula kwa anthu ambiri, osati pepala lonena kuti mtsinjewo uli ndi eni.

Kwina zasunthapo. Ku Australia, mlandu wa Mabo wa mu 1992 udavomereza kuti eni dziko adali ndi ufulu pa nthaka azungu asanafike. Mu 2017 khoti la Africa la ku Arusha lidaimira Aogiek a ku Kenya pa nkhalango ya Mau. Malawi naye adapanga lamulo la malo a makolo mu 2016 lolola mabanja kulembetsa minda yawo. Ku Zambia mafumu adatuluka mumsonkhano wa ndondomeko ya malo mu 2018 poopa kulandidwa mphamvu, ndipo ndondomekoyo idatuluka mu 2021. Koma ndondomeko si lamulo lomwe woweruza angatsegule.

Chimene mlimi wa ku Minga akusowa ndi lamulo lopatsa pepala la mfumu mphamvu m'khoti, ndi lomanga manja mfumu iliyonse yofuna kusaina malo anthu asanakhale pansi pabwalo. Amalume omwe amadziwa chulu cha m'malire akukalamba. Mphwawo akadzaima pamaso pa woweruza, ayenera kudzakhala ndi choonetsa.