Tizigoba ta nkhono pagombe tikukuuzani za likodzo

Ngati mumakhala m'mbali mwa nyanja ya Malawi, mumaidziwa kale nyanjayi ndi makhalidwe ake. Mukaona mafunde a thovu loyera mu Juni ndi Julayi, mumadziwa kuti mwera wafika ndipo bwato lisapite kutali. Mukaona chinthu chonga utsi chikufuka pakati pa madzi, mumadziwa kuti ndi nkhungu, tizilombo touluka tosaluma tija anthu a ku Nkhata Bay ndi Likoma amakola n'kuchita ndiwo. Koma pali chizindikiro china chimene ambiri timangochiponda popita kukatunga madzi: tizigoba ta nkhono tomwe mafunde amalavulira pamchenga.

Mawa mukapita kudoko, tolani tingapo muyang'anitsitse. Si nkhono zonse zimene zimasunga tizilombo ta likodzo. Zazitali zosongoka zija sizifalitsa matendawa. Zofunika kuzizindikira ndi ziwiri. Yoyamba akatswiri amaitcha Bulinus. Ndi yaing'ono ngati njere ya mtedza, ndipo mukaigwira nsonga ili m'mwamba, kukamwa kwake kukuyang'ana inu, kukamwako kumakhala kumanzere. Iyi ndiyo imafalitsa likodzo la m'chikhodzodzo, lokodzetsa magazi lija. Yachiwiri ndi Biomphalaria, yophwatalala ngati batani la malaya, ndipo imafalitsa likodzo la m'matumbo. Iyi ofufuza anaipeza m'magombe a ku Mangochi m'chaka cha 2017.

Nkhono payokha ilibe mlandu. Imayamba yadwalitsidwa ndi munthu. Wodwala likodzo akakodzera kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira a nyongolotsi amaswa, ndipo timphutsi take timalowa mu nkhono. Pakapita sabata zinayi kapena zisanu ndi imodzi, nkhono ija imayamba kutulutsa timphutsi tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Timeneti timaboola khungu la aliyense amene ali m'madzimo, kaya akusamba, akuchapa, akutsuka mbale kapena akukoka khoka. Timatuluka kwambiri dzuwa lili paliwombo, nthawi yomwe ana amakonda kuthamangira kunyanja akaweruka kusukulu.

Kale anthu ankati likodzo lili m'mabango ndi m'zithaphwi mokha, pamchenga woyera palibe. Kafukufuku wa ku Chembe, ku Cape Maclear, anaonetsa kuti mtundu wina wa Bulinus umakhala pansi pa madzi pamchenga weniweniwo. Ofufuzawo anaonanso kuti nkhonozi zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa kaamba ka usodzi wopyola muyeso. Choncho mukaona anthu akukokolola tiana ta nsomba ndi makoka a maso ang'onoang'ono kapena ndi masikito, dziwani kuti nkhani yake siithera pa ndiwo yokha. Ikufika mpaka m'chikhodzodzo cha mwana wanu.

Kunyumba, yang'anani izi: magazi m'mkodzo, makamaka m'madontho omalizira, kuwawa pokodza, kupweteka m'mimba kapena chimbudzi cha magazi, kufooka ndi kuchepa magazi. Ena amati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula. Si zoona, ameneyo akudwala. Nyongolotsi zimatha kukhala zaka zambiri m'thupi, n'kumaononga chikhodzodzo, impso kapena chiwindi pang'onopang'ono. Kwa atsikana ndi amayi, likodzo limabweretsanso zilonda m'njira ya chiberekero zomwe ena amaziyesa matenda opatsirana pogonana, mpaka banja kugwedezeka popanda wolakwa.

Mankhwala ake alipo, dzina lake Praziquantel. Amaperekedwa kuchipatala komanso m'sukulu pa nthawi ya kampeni, molingana ndi msinkhu kapena kulemera kwa munthu. Mwana ayambe wadya asanamwe, kuti asamve chizungulire ndi mseru kwambiri. Koma mankhwalawa si katemera. Wochira akabwerera m'madzi momwemo, atenganso. N'chifukwa chake musamukanize mwana kulandira kampeni ikabweranso, ngakhale akuoneka wathanzi.

Kuuza anthu a kunyanja kuti asiyiretu kukhudza madzi n'kosatheka, pakuti moyo wawo uli pomwepo. Zotheka ndi izi. Madzi osambitsira makanda atungidwe pamjigo. Ngati ndi a m'nyanja, awiritseni kapena asungeni mu ndowa masiku awiri, timphutsi timakhala titafa. Ana asasewere m'madzi odekha a m'mabango ndi pamathiriro a mitsinje, komwenso kumabisala ng'ona. Ndipo padoko lililonse pakhale chimbudzi chimene asodzi ndi ogula nsomba angagwiritse ntchito.

Inu mavolontiya a zaumoyo, pamsonkhano wotsatira tengani tizigoba m'botolo, makolo akatione ndi maso awo. Lembani madoko amene mwatipeza tambiri, mufunse mabanja a kufupi ngati pali mwana wokodza magazi, ndipo mayina a madokowo mukawapereke kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.