Ofesi yosagulitsa ngakhale machesi

Ndikudikira sitima pa Nayuchi, ndidagula mayunitsi a TNM kwa mnyamata wina pansi pa mtengo wa mango, kenaka n'kulipira mpunga pa Mo626 ya National Bank. Mayi ogulitsa mpungawo adaseka nditawauza kuti ndalama ziwirizi zili ndi khomo limodzi lomwe zimakathera.

"Zoona, achimwene? Foni ndi banki n'zapachibale?"

N'zapachibaledi. Kholo lake ndi Press Corporation, yomwe likulu lake lili ku Blantyre. Idayamba ngati kampani yosindikiza nyuzipepala ya Malawi News m'nthawi ya Kamuzu Banda, n'kudzalowa pa msika wa masheya mu 1998. Lero ili ndi dzanja m'chambo cha Maldeco ku Mangochi, mu ethanol wa PressCane ku Chikwawa ndi Ethco ku Dwangwa, komanso m'mafuta a Puma.

Koma mukapita kulikuluko simukapezako chambo kapena mayunitsi. Mukapeza anthu owerengera ndalama, maloya ndi zipinda zamisonkhano. Kampani iliyonse ili ndi bwana wake ndi bodi yake. Likulu limatumiza anthu ake m'mabodimo, limaunika bajeti, limalandira gawo la phindu chaka chikatha, ndiye n'kugamula: izi tipatse eni masheya, monga Press Trust, izi tikathire kumene kukuoneka kuti kubala.

Apa ndiye pali mphamvu, ndipo ndi pomwe pamawawa. Kampani yopanga phindu imadabwa kuona thukuta lake likukadyetsa m'bale wodwala. Wodwalayo akapanda kuchira, likulu limatha kumutaya. Ife amene tidakula tikugula buledi ku PTC tidaziona mu 2022, Press itagulitsa sitolozo zitakhala zikuluza kwa zaka zambiri. Papepala chidali chiganizo chanzeru, sindikana. Kungoti wochita masamuwo sadaimepo pakauntala.

Tili chikhalire, sitima yamalasha yochokera ku Moatize idatulukira, mabogi osatha kuwawerenga, kulunjika Entre Lagos ndi ku Nacala. Nayonso njanji yodutsa pano idakonzedwanso ndi ndalama za kampani ya Vale, ndipo mabwana ake a ku Rio de Janeiro ataganiza zosiya malasha, bizinesi yonse idapita ku kampani ya Vulcan mu 2022. Pa Nayuchi palibe adafunsidwa.

Mayi aja adaphimba beseni ndi chitenje, kuopa fumbi lakuda, n'kundifunsa ngati ndiwonjezere makilo awiri.