Kadyetsedwe ka nkhuku za misinkhu yosiyana pakhomo

M'makomo ambiri muno m'Malawi nkhuku zimadyetsedwa m'njira imodzi: m'mawa mayi amatsegula khola, n'kuwaza madeya kapena chimanga pabwalo. Tikaimirira n'kuyang'anitsitsa tidzaona kuti tambala ndi mathadzi akuluakulu ndiwo amayamba kudya, misoti imatola m'mbali, ndipo anapiye amangopondedwa n'kutsala ndi fumbi. Pakapita masabata angapo, thadzi lomwe linaswa anapiye khumi likuyenda ndi atatu okha. Timafulumira kunena kuti ndi kabawi kapena chitopa, ndipo nthawi zina n'zoona. Koma mwanapiye wosadya mokwanira ndiye amayamba kugwidwa ndi matenda, ndiyenso amalephera kuthawa mdani. Nkhuku ndi chuma cha banja: ndiyo imagula makope a mwana, kulipira ulendo wa kuchipatala ndi kulandirira mlendo. Tsono n'koyenera kuti timvetse zimene msinkhu uliwonse umafuna.

Tiyambe ndi anapiye, kuchokera tsiku loswa mpaka masabata 8. Pa nthawi imeneyi thupi, mafupa ndi nthenga zimakula mofulumira, kotero chakudya chawo chiyenera kukhala ndi zomanga thupi zochuluka, magawo 18 mpaka 20 pa 100 aliwonse. Chimanga pachokha chili ndi magawo 8 kapena 9 okha. Ichi ndicho chifukwa chake mwanapiye woleredwa ndi madeya okhaokha amapinimbira ngakhale akuoneka wokhuta. M'mera mpoyamba: zimene waphonya mwanapiye m'masabata oyamba sazibwezeranso bwino akakula.

Misoti ndi atambala aang'ono, kuyambira masabata 8 mpaka pamene misoti yayamba kuikira, zimafuna zomanga thupi zocheperako, magawo 15 kapena 16. Thadzi loikira limafuna muyezo wofanana ndi umenewu, koma lili ndi chosowa china chachikulu, ndicho kashiamu, mchere umene umapanga chigoba cha dzira. Chigoba chimodzi chimatenga magalamu awiri a kashiamu. Thadzi likapanda kumupeza m'chakudya limamuchotsa m'mafupa ake omwe, ndipo zotsatira zake ndi mazira a chigoba chofewa ndi miyendo yofooka.

Apa ndi pamene pagona vuto la nkhuku zosakanikirana. Chakudya chogula cha nkhuku zoikira, chimene m'masitolo chimalembedwa layers mash, chili ndi kashiamu wokwana magawo pafupifupi 4 pa 100, pomwe mwanapiye amangofuna gawo limodzi. Kashiamu wopitirira muyezo amawononga impso za mwanapiye, amabweza kukula kwake, ndipo nthawi zina amapha. Motero munthu amene wagula thumba la chakudya chimenechi n'kumathirira gulu lonse, poganiza kuti akuzichitira zabwino, amakhala akupweteka zazing'ono ndi ndalama zake zomwe. Tambalanso sasowa kashiamu wochuluka chotere, poti saikira.

Njira yothetsera vutoli ili ndi mbali zitatu, ndipo yonse ingatheke ndi zinthu za pakhomo.

Choyamba, gulu lonse lidye chakudya chimodzi chopanda kashiamu wowonjezera. Amene amagula asankhe cha nkhuku zokula kumene, chotchedwa growers mash. Amene amasakaniza okha atenge miyezo itatu ya chimanga chogaya mosalalitsa, kapena chosakaniza ndi madeya, ndi muyezo umodzi wa ufa wa soya. Kusakaniza kotere kumafikitsa zomanga thupi pa magawo pafupifupi 16. Soyayo ayenera kukazingidwa asanagayidwe, chifukwa soya wamuwisi ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa nkhuku kugaya chakudya. Zinyenyeswa za usipa kapena bonya zotsala pansi pa thumba, masamba a nkhwani, bonongwe ndi chisoso, zonsezi zimathandiza. Thadzi loikira la mtundu waukulu, monga nkhuku zakuda za Black Australorp zimene ambiri timazitcha za Mikolongwe, limadya magalamu 110 mpaka 120 pa tsiku likakhala m'khola. Nkhuku zachikuda zoyenda zokha zimadzipezera gawo lina popalasa, kotero zimangofuna kuwonjezeredwa m'mawa ndi madzulo.

Chachiwiri, kashiamu aikidwe payekha m'kambale kapena m'chigubu chodula. Zigoba za mazira, zigoba za nkhono ndi mafupa owotcha, tikazisinja, zimakwanira. Thadzi loikira limapita lokha kukatola monga mwa kusowa kwa thupi lake, pomwe zinazo sizilabadira kwenikweni. Zigoba za mazira tiziyamba taziwiritsa kapena kuzikazinga ndi kuzisinja bwino, kuti tiphe tizirombo komanso kuti nkhuku zisaphunzire kuswa ndi kumwa mazira awo.

Chachitatu, anapiye akhale ndi podyera pawopawo. Dengu lalikulu la nsungwi lovundikira pansi, lokhala ndi mipata yoti mwanapiye n'kulowa koma nkhuku yaikulu ayi, limagwira ntchitoyi bwino lomwe. Pamene akukula, mipatayo tiziikulitsa. M'kati mwake tiikemo chakudya chosalala, miyezo iwiri ya chimanga chogaya ndi umodzi wa soya wokazinga, kapena chick mash kwa amene angathe kugula. M'masiku oyamba dzira lowiritsa lophwanyaphwanya ndi chakudya chabwino kwambiri. Chiswe nachonso n'chomanga thupi chaulere: tikaika ndowe zouma ndi mapesi m'mphika wakale, kuwazamo madzi pang'ono ndi kuuvundikira pafupi ndi chulu, chiswe chimalowamo ndipo timakakhuthulira anapiye m'mawa. Dengu lomwelo limawatchinjiriza kwa kabawi ndi khwangwala pa nthawi imene akudya.

Madzi asasowe tsiku lonse, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pakuti nkhuku imamwa madzi olemera pafupifupi kawiri kuposa chakudya chimene yadya, ndipo thadzi losowa madzi limasiya kuikira. Kwa anapiye tigwiritse ntchito mbale yosazama, tiikemo timiyala kuti asamire kapena kunyowa. Podyera pa nkhuku zazikulu pakhale pawiri kapena patatu motalikirana, kuti zolusa zisatsekereze zofatsa. Nkhuku zotsekeredwa zimafunanso mchenga ndi timiyala, poti nkhuku ilibe mano ndipo imapera chakudya m'nthutumba.

Pali zinthu zina zoti tipewe. Chimanga, madeya kapena mtedza wochita chuku tisazipatse nkhuku poganiza kuti sizisankha. Chuku chimatulutsa poizoni amene amawononga chiwindi, ndipo zazing'ono ndizo zimayamba kufa. Zotsala za ndiwo zamchere wambiri nazonso n'zoopsa kwa anapiye. Tikumbukirenso nyengo: m'dzinja tizilombo ndi msipu zimachuluka koma chimanga chimasowa, pomwe m'chilimwe mbewu zilipo koma tizilombo tachepa. Wanzeru amasungako madeya ouma bwino pa nthawi ya masika, ndipo amawonjezera soya ndi chiswe pamene kunja kwauma.

Chakudya chabwino sichilowa m'malo mwa katemera. Chitopa chimatha kusesa khola lonse, zonenepa ndi zowonda zomwe, ndipo katemera wa I-2 wodonthezera m'diso, amene amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse, amapezeka kudzera mwa alangizi a ziweto. Koma katemera amagwira bwino m'thupi la nkhuku yodya mokwanira.

Thadzi limakhalira mazira masiku 21, likudya pang'ono ndi kuwonda, kuti litipatse anapiye. Ntchito yotsalayo ndi yathu. Mawa m'mawa, tisanawaze madeya, tiyambe tavundikira dengu la anapiye ndi kuika kambale ka zigoba pambali pa khola.