Kuwerenga Zidindo za pa Tiziwiya ta Siliva ta ku Netherlands

M'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, amisiri a siliva a ku Amsterdam ankasula tiziwiya ting'onoting'ono monga timaketulo, timipando ndi tizoikapo makandulo. Amayi olemera, monga Sara Rothé, ankakongoletsera tiziwiyati nyumba zawo za zidole. Lero anthu amatigula pa mtengo wokwera, choncho funso n'lakuti: wogula angadziwe bwanji kuti kachiwiya ndi kakaledi? Yankho lili pa zidindo, ndipo kwa ife ophunzira ziyankhulo n'zosangalatsa kuti zidindozi zimawerengedwa ngati chiganizo.

Kale mabungwe a amisiri ndiwo ankayang'anira ntchitoyi. Chidindo choyamba chinkatchula mzinda: Amsterdam inali ndi mitanda itatu yonga chilembo X, The Hague inali ndi dokowe. Chachiwiri chinali chilembo choimira chaka. Chachitatu chinali cha mmisiri mwini; Arnoldus van Geffen, katswiri wa tiziwiyati m'zaka za m'ma 1700, ankadinda lipenga la alenje mkati mwa mtima. Zitatuzi ziyenera kugwirizana monga momwe dzina limagwirizanirana ndi mneni. Ngati chilembo chikuloza chaka chimene mmisiriyo anali atamwalira kale, chiganizocho chathyoka. Mpofunika kusamala apa, chifukwa zilembo zikatha ankayambiranso, ndiye kalembedwe ka chilembocho nkamene kamasiyanitsa chaka china ndi chinzake.

Mabungwewa anathetsedwa mu 1798, ndipo mu 1814 boma linakhazikitsa zidindo za dziko lonse. Mkango woimirira wokhala ndi nambala 1 unkasonyeza siliva wa magawo 934 pa 1000, pamene mkango woyenda wokhala ndi nambala 2 unkasonyeza magawo 833. Pankakhalanso mutu wa Minerva. Tinthu tochepa kwambiri tinkangodindidwa lupanga.

Chisokonezo chinabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pamene zinthu zamakedzana zinafika pokondedwa kwambiri. Amisiri a ku Schoonhoven ndi madera ena, ngakhalenso a ku Hanau ku Germany, anayamba kupanga tiziwiya tatsopano n'kudindapo zidindo zotsanzira zakale. Zidindo zotere zili ngati munthu amene waloweza mawu a chiyankhulo chachilendo koma sadziwa kuwalumikiza. Mawu alipo, malamulo palibe. Upeza mitanda ya Amsterdam ili pambali pa chizindikiro cha mzinda wina, kapena zidindo zisanu zothithikana pa kasupuni kosaposa chala. Kunena zoona, kuchuluka kwa zidindo kuyenera kukayikitsa kusiyana ndi kuchepa kwake, pakuti tiziwiya tina takaledi tili ndi chidindo cha mmisiri chokha.

Sikuti siliva wake ndi wabodza ayi. Chabodza ndi msinkhu umene zidindozo zikunena. Ndipo kawirikawiri umboni umakhala pomwepo. Pakangodya kena pamabisala lupanga kapena mkango wa nambala 2, kutanthauza kuti kachiwiyako kanayesedwa 1814 itadutsa. Kachidindo ka kiyi kamasonyeza kuti kanatumizidwa kunja, ndipo tambiri timene tinalowa ku Britain chaka cha 1904 chisanafike tili ndi chilembo F.

Galasi lokulitsa zinthu limathandizanso. Chidindo chokhomedwa ndi chitsulo chimakhala ndi m'mphepete mwakuthwa. Koma ngati mmisiri anaumba chikombole pa kachiwiya kakale n'kuthiramo siliva wosungunula, zidindo zimatuluka zofufuma ndi zosaoneka bwino, ndipo tiziwiya tonse tochokera m'chikombolecho timakhala nazo pamalo amodzimodzi.