Vinyo wa pa Natale: Kodi eni ake amamwa bwanji?

Mwezi wa Disembala ukangolowa, m'masitolo a ku Ulongwe ndi ku Tete mumadzaza mabotolo ndi magalafawo a vinyo. Anyamata ochokera ku Joni ndi ku Beira nawonso amafika kumudzi atanyamula awo. Ambiri tayamba kuganiza kuti pa 25 Disembala, tsiku limene boma lathu limalitcha Tsiku la Banja, phwando silikoma popanda chakumwa cha m'botolo. Koma kodi kumene vinyo anayambira kale, anthu amamwa motani pa nyengo imeneyi? Tiyeni, abale, tionere limodzi.

Tiyambe ndi ku Portugal, popeza vinyo anafika kuno ndi Apwitikizi. Kumeneko banja lonse limasonkhana usiku wa pa 24 Disembala pa chakudya chotchedwa Consoada. Pathebulo pamakhala bakayawo wophika, mbatatesi ndi kabichi, ndipo vinyo amamwera chakudyacho. Akatha kudya amatulutsa vinyo wa Porto, wochokera m'chigwa cha mtsinje wa Douro, kumene boma linalemba malire a minda ya mphesa m'chaka cha 1756. Vinyo ameneyu ndi waukali kuposa wamba, choncho amamwera m'kagalasi kakang'ono. Pakati pa usiku ambiri amapita ku tchalitchi ku Misa ya Tambala. Pa usiku wolowa chaka chatsopano amadya mphesa zouma 12, imodzi pa mwezi uliwonse, uku akupempha mwayi.

Kumpoto kwa Ulaya, ku Germany, Natale amagwa m'nyengo yozizira koopsa. Anthu amatenthetsa vinyo wofiira pamoto, nathiramo shuga, sinamoni ndi makoko a malalanje. Dzina lake ndi Glühwein, ndipo amagulitsidwa m'misika ya panja ya nyengo ya Natale. Msika wotere wa mumzinda wa Dresden unayamba m'chaka cha 1434. Wogula amasiya ndalama ya chikole pa kapu, ndipo akabweza kapuyo ndalamayo amamubwezera. Ana sawapatsa vinyo. Iwo ali ndi chakumwa chawo chotentha cha madzi a zipatso.

Dziko la Georgia, limene lili m'mphepete mwa Nyanja Yakuda, lili ndi mwambo umene ungatikumbutse kwathu. Alimi amafulira vinyo m'mitsuko ikuluikulu ya dothi yotchedwa qvevri, imene amaikwirira pansi mpaka m'khosi. M'chaka cha 2013 bungwe la UNESCO linalemba kafulidwe kameneka pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa. Iwo amachita Natale pa 7 Januwale. Paphwando amasankha mkulu mmodzi, tamada, woyendetsa zonse. Iyeyu amaimirira nanena mau okumbukira makolo amene anamwalira, odalitsa ana ndi opempha mtendere, ndipo vinyo amamwedwa iye akatha kulankhula. Tamada woledzera mpaka kusokoneza mau amachititsa manyazi nyumba yonse.

Muno mu Afirika, Akhristu a ku Ethiopia amachitanso chikondwererochi pa 7 Januwale, ndipo amachitcha Genna. Amafika pa tsikulo atasala nyama ndi mkaka masiku oposa 40. Vinyo wawo, tej, sachokera ku mphesa ai. Amafula ndi uchi, madzi ndi kamtengo kowawa kotchedwa gesho, ndipo mabanja ambiri amafula okha pakhomo.

Tikaonetsetsa, mitundu yonseyi ikugwirizana pa mfundo zitatu. Aliyense amamwa chimene dera lake limabala kapena chimene chikugwirizana ndi nyengo yake. Chakumwa chimatsagana ndi chakudya ndi abale. Ndipo pamakhala muyeso: kagalasi kakang'ono, mkulu woyang'anira, kapena lamulo lakuti ana asalawe.

Nanga zimenezi ndi zachilendo kwa ife? Iai. Makolo athu anali ndi thobwa la chimera cha mawere limene mwana ndi agogo omwe amamwa, anali ndi masese a akuluakulu, ndipo mwini mowa ankayamba kulawa yekha asanapereke chipanda kwa alendo. Wotunga anali mmodzi, wodziwa woyenera kuyamba ndi amene wakhuta. Ameneyo ndiye anali tamada wathu.

Pali kusiyana kumodzi kumene tisakuiwale. Mlimi wa ku Douro amakolola mphesa zake cha mu Sepitembala, ndiye Natale amam'peza ntchito yatha. Ife Natale amatipeza khasu lili m'manja: chimanga chikufuna kupalira ndi feteleza wachiwiri, nkhokwe zikuyamba kupepuka, ndipo ana akufuna makope sukulu ikatsegulidwa. Galafawo la vinyo limatha tsiku limodzi, koma munda wosathira feteleza umalanga banja chaka chathunthu. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ofula pakhomo nawonso asamale. Mu Januwale 2015, ku Chitima m'boma la Cahora Bassa, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wa pombe pa maliro. Akatswiri atafufuza anapeza kuti poizoni anachokera ku tizilombo timene tinamera mu ufa wa chimanga woonongeka. Ufa umene unanyowa, wachita nkhungu kapena wasintha fungo usalowe mumphika wa mowa ngakhale wa thobwa, chifukwa poizoni wa mtundu umenewu satha ndi kuwiritsa.

Tsono amene ali nazo ndalama zokwanira, agule botolo lake, amwe ndi banja pa mpunga ndi nkhuku monga achitira eni ake. Amene alibe asachite manyazi kuika mtsuko wa thobwa pakhonde. Chachikulu n'chakuti pa 26 Disembala tonse tidzuke amoyo, tili ndi mphamvu zolowera kumunda.